Adokotala akuti siteji 1, mwana wanga akuti siteji 3: wolondola ndani?

Funso

Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Chinamwali muno mu Zomba. Kwa zaka zingapo ndinali ndi chotupa pakhosi chimene tonse tinkangoti n'chithokomiro wamba. Anandichita opaleshoni n'kuchotsa chithokomiro chonse, ndipo zotsatira zitabwera kuchokera ku Blantyre anandiuza kuti inali khansa yotchedwa papillary. Papepala alembapo kuti chotupa chinali masentimita 2.8, kenako pT2 N1a, kuti anabere 4 mwa 11 amene anachotsa anali ndi khansa yokula mpaka mamilimita 6, komanso mawu akuti “minimal extrathyroidal extension” ndi “margins clear”. Adokotala akuti ndi siteji 1. Koma mwana wanga wa ku yunivesite wawerenga pa intaneti kuti khansa imeneyi ikafika m'anabere a munthu wopitirira zaka 45 ndiye kuti ndi siteji 3. Kodi adokotala akungondilimbitsa mtima? Nanga ngati ndi siteji 1, bwanji akukamba zondipatsanso mankhwala ena a ayodini?

Yankho

Mayi, adokotala anu sakukunyengererani ayi. Malinga ndi zimene mwalembazi, inu muli pa siteji 1. Koma mwana wanuyonso musamukalipire, sanapeke nkhaniyo. Zimene wawerengazo zinali zoona mpaka kumapeto kwa 2017. Wangochita ngati wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE ndi silabasi yomwe inasinthidwa kale, ndipo masamba ambiri a pa intaneti akadasungabe silabasi yakaleyo.

Madokotala amagawa masiteji a khansa potsatira buku la bungwe la ku America lotchedwa American Joint Committee on Cancer, mwachidule AJCC. Kope la nambala 7 la bukuli, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2010, linkaika malire pa zaka 45. Munthu amene wakwanitsa zaka zimenezi, khansa ya papillary n'kupezeka m'anabere oyandikana ndi chithokomiro, ankalembedwa siteji 3, ndendende mmene mwana wanu wanenera. Kope la nambala 8 linayamba mu Januwale 2018 ndipo linakweza malirewo kufika pa zaka 55. Sanasinthe pofuna kusangalatsa odwala. Atatsatira anthu masauzande ambiri kwa nthawi yaitali, anaona kuti a zaka zapakati pa 45 ndi 54 amachira pafupifupi mofanana ndi achinyamata, choncho kuwatcha siteji 3 kunali kuwaopseza pachabe, ndipo ena ankalandira chithandizo choposa chimene matenda awo ankafuna.

Khansa imeneyi ili ndi khalidwe lakelake. Pa khansa ya m'mawere kapena ya khomo la chiberekero, zaka za wodwala sizilowa m'kawerengedwe ka siteji. Pa ya papillary zimalowa, ndipo n'zimene timayamba kufunsa tisanayang'ane n'komwe kukula kwa chotupa. Munthu wosakwana zaka 55 ali ndi masiteji awiri basi. Ngati khansa sinafalikire ku ziwalo zakutali monga mapapo kapena mafupa, ndi siteji 1, kaya chotupacho chinali chachikulu bwanji, kaya anabere okhudzidwa anali angati. Ngati yafika kutali, ndi siteji 2. Siteji 3 ndi 4 kulibe kwa munthu wa msinkhu wanu.

Mukanakhala kuti muli ndi zaka 57, pepala lomwelo likanawerengedwa siteji 2, chifukwa kwa a zaka 55 kupita m'tsogolo khansa ya m'anabere imakweza siteji. Kwa iwowa, siteji 3 ndi pamene chotupa chalowerera kholingo, njira ya mpweya, m'mero kapena mtsempha woyendetsa mawu, ndipo siteji 4 ndi pamene chakulunga mitsempha ikuluikulu ya magazi, chafika kutsogolo kwa mafupa a khosi, kapena chafalikira kutali. Zaka zimene timawerengera ndi za tsiku limene matenda anapezeka. Mukadzakwanitsa 55 siteji yanu sidzakwera, idzakhala yomweyo.

Manambala amene amayenda ndi masitejiwa ndi awa. Mwa anthu 100 a siteji 1, pakati pa 98 ndi 100 samwalira ndi khansayi m'zaka 10 zotsatira. Pa siteji 2 ndi pakati pa 85 ndi 95, pa siteji 3 pakati pa 60 ndi 70, pa siteji 4 ndi osafika theka. Mukuona nokha kusiyana kwa zimene adokotala anakuuzani ndi zimene zakhala zikukusowetsani tulo.

Tsopano tengani pepalalo tiliwerenge limodzi. Ka p kakang'ono kali kutsogoloko kakutanthauza kuti muyesowu sunachokere pa kungogwira pakhosi kapena pa sikani, koma kwa dokotala wa ku labotale amene anadula chithokomiro chochotsedwacho tizidutswa topyapyala n'kutiyang'ana pa maikulosikopu. T ndi chotupa chenichenicho. Bwerekani rula ya mwana wasukulu muone: chotupa chosapitirira sentimita imodzi ndi T1a, chofika masentimita 2 ndi T1b, chopitirira 2 koma chosapitirira 4 ndi T2, pamene chopitirira 4 chomwe chidakali m'kati mwa chithokomiro ndi T3a. Chanu cha 2.8 chagwera pa T2. Kuyambira T3b kupita m'mwamba sitiyang'ananso rula, timayang'ana kumene chotupa chalowerera. T3b ndi pamene wochita opaleshoni waona ndi maso ake kuti chamera m'minofu yopyapyala ya kutsogolo kwa khosi, ndipo T4 ndi ziwalo zija ndatchula kale.

Mawu aja akuti “minimal extrathyroidal extension” akunena kuti maselo ena a khansa anatulukirako pang'ono kunja kwa chikopa chokuta chithokomiro, mwakuti ndi maikulosikopu yokha imene inaona, osati diso la dokotala wa opaleshoni. M'buku lakale izi zokha zikanakukwezani kufika T3. M'buku latsopano sizisintha T. Komabe musaiwale mawu amenewa, tibwerera kwa iwo.

N ndi anabere. N0 ndiye kuti mulibe khansa. N1a ndi anabere a pakati pa khosi, amene azungulira njira ya mpweya pafupi ndi pomwe panali chithokomiro. N1b ndi a m'mbali mwa khosi, kuyambira kunsi kwa khutu kutsikira pa fupa la pamwamba pa chifuwa. Ndikudziwa kuti mawu akuti “yafalikira” amadula mtima, makamaka kuno kwathu kumene ambiri tinaika m'manda achibale amene anapezeka ndi khansa mochedwa. Koma papillary imakonda anabere chikhalire. Pakati pa odwala 20 ndi 50 mwa 100 aliwonse amapezeka nayo m'anabere a m'khosi, ndipo kwa munthu wosakwana zaka 55 zimenezi sizifupikitsa moyo kwenikweni.

M, yomwe ikunena za kufalikira kutali, simuipeza papepala lanu, ndipo si kuti anaiwala. Wa ku labotale amaona zokhazo zimene zam'fikira m'botolo. Amene amanena za M ndi adokotala anu, atakupimani ndi kuona zithunzi za m'chifuwa. Popeza siteji yanu yonse yatsamira pa chilembo chimodzi chimenechi, n'chanzeru kuwafunsa kuti, “Kodi m'mapapo munayang'anamo, nanga munayang'ana ndi chiyani?” Si chipongwe ayi, ndi funso loyenera.

Tifike pa funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndiye lalikulu. Siteji imayankha funso limodzi lokha: kodi matendawa angamuphe munthuyu? Siyankha lina limene wodwala aliyense ali nalo, loti kodi adzabweranso. Pa khansa zambiri mafunso awiriwa amayendera limodzi. Pa papillary amasiyana kwambiri. Pali anthu a siteji 1 amene khansa yawo sidzaonekanso mpaka kalekale, ndipo pali ena a siteji 1 yomweyo amene pakatha zaka zitatu kapena zisanu mwanabere wina amatupa m'khosi n'kufunika opaleshoni yachiwiri. Onsewo amakalamba n'kuona zidzukulu, koma njira imene ayenda ndi yosiyana. Wodwala akangomva “siteji 1” n'kusiya kubwera kuchipatala, ameneyo ndiye amandidetsa nkhawa kuposa amene akuopa mopitirira.

N'chifukwa chake pali kawerengedwe kachiwiri, kochokera m'malangizo a 2015 a bungwe la American Thyroid Association, komwe kanaika odwala m'magulu atatu potengera mpata woti khansa ibwerenso. M'gulu lotsika muli amene chotupa chawo chinali m'kati mwa chithokomiro, chinachotsedwa chonse, sichinalowe m'mitsempha ya magazi, ndipo anabere anali oyera, kapena okhudzidwa sanapitirire 5 ndipo khansa yake inali yosafika mamilimita 2. Mwa amenewa, osapitirira 5 mwa 100 ndi amene imabwereranso. M'gulu lokwera muli amene chotupa chinamera moonekeratu m'ziwalo zoyandikana, amene sichinatheke kuchotsedwa chonse, amene chinafika kutali, kapena amene mwanabere wawo wina anali ndi khansa yofika masentimita 3. Pakati pa awiriwa pali gulu limene mpata wake uli pakati pa 5 ndi 20 mwa 100.

Inu, mayi, mukugwera m'gulu lapakatili, ndipo zifukwa zake zili papepala lomwelo. Choyamba ndi kutulukirako pang'ono kuja, kumene sikunasinthe T koma kuno kukuwerengedwa. Chachiwiri ndi anabere: 4 si ambiri, koma mamilimita 6 apitirira malire a gulu lotsika. Kumbali yabwino, “margins clear” akutanthauza kuti m'mphepete monse mmene mpeni unadutsa simunapezeke khansa, ndipo ndikadati ndiike mzere wanu m'gululi, ndikadauika chakumunsi osati chakumtunda.

Pali zinthu zina zimene simunatchule koma n'kutheka kuti zalembedwa cham'munsi mwa pepalalo. Yang'anani mtundu wake. Papillary ndi banja lalikulu, pafupifupi khansa 8 mwa 10 za chithokomiro ndi za m'banja limeneli, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wofatsa umene amaulemba kuti classic kapena conventional. Koma pali mitundu yovutirapo, monga tall cell, columnar cell ndi hobnail, yomwe imabwerera kawirikawiri ndipo nthawi zina siimva bwino mankhwala a ayodini. Yang'ananinso “vascular invasion”, kutanthauza kuti maselo analowa m'timitsempha ta magazi, ndi “extranodal extension”, kutanthauza kuti khansa inaboola chikopa cha mwanabere n'kutulukira kunja. Zikalembedwa kuti absent kapena not identified, ndiye kuti sanazione. Mukaona “multifocal” musadzidzimuke, akungonena kuti timbewu tinali pamalo angapo m'chithokomiro, zimene zimachitika kwa ambiri, ndipo popeza chanu chinachotsedwa chonse nkhaniyo yatha.

Mwana wanu akapitiriza kufufuza akumana ndi dzina loti BRAF V600E, kusintha kwa chibadwa cha maselo kumene kumapezeka pafupifupi mu theka la khansa za papillary. Osabisa Chichewa, ine sindingakulangizeni kugulitsa mbuzi kuti muyezetse zimenezo. Kwa munthu wa pepala ngati lanu, yankho lake silingasinthe chithandizo. Ndalamazo sungirani thiransipoti ndi kuyezetsa magazi kwa zaka zikubwerazi.

Za mankhwala a ayodini. Maselo a chithokomiro ndi amene amakoka ayodini m'magazi kuposa ena onse m'thupi, ndipo maselo ambiri a papillary sanaiwale chizolowezi chimenechi. Madokotala amapezerapo mwayi: amakumwetsani ayodini wapadera wotulutsa mphamvu ya radiation, wotchedwa I-131, ngati kapisozi kapena madzi. Tizidutswa ta chithokomiro totsalira, ndi maselo a khansa amene abisala m'anabere, timameza ayodiniyo n'kufa nayo. Njirayi yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1940. Si chemotherapy, tsitsi silithothoka, ndipo ambiri amamwa kamodzi kokha. Patapita masiku ochepa amajambula thupi lonse kuti aone kumene ayodiniyo wakakhala, ndiye chithunzi chimenecho chimayankhanso bwino funso lija la M.

Si aliyense amafunika mankhwalawa. Kafukufuku wa ku France amene anatuluka mu 2022 anaonetsa kuti odwala a gulu lotsika okhala ndi totupa ting'onoting'ono anakhala bwino chimodzimodzi kaya amwa kaya sanamwe. A gulu lokwera amafunika ndithu. A gulu lapakati ndi amene timakhala nawo pansi n'kuyeza mbali zonse, ndipo pa inu, ndi anabere 4 komanso kutulukira kuja, ndikumvetsa chifukwa chake adokotala akuganiza zokupatsani. Sizikutsutsana ndi siteji 1 ngakhale pang'ono. Cholinga chake n'kuchepetsa mpata wobwerera ndi kupeputsa ntchito yokulondolani. Si zipatala zonse zimene zili ndi mankhwalawa, choncho funsiranitu kuti mukalandirira kuti, liti, ndipo ndani alembe kalata yokutumizani. Zikachedwa ndi miyezi yochepa musataye mtima, khansa imeneyi imayenda pang'onopang'ono. Pa zaka 47 mimba ikadathekabe, ndiye adzakuyezani kaye, ndipo mukamwa muyenera kupewa mimba kwa miyezi 6 mpaka 12. Masiku oyamba mudzagona panokha ndi kutalikirana ndi ana aang'ono komanso amayi oyembekezera. Za kuchepetsa mchere wa ayodini kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanamwe, dikirani akuuzeni okha. Musachotse mcherewo m'khitchini mwa banja lonse, ana anu akuufuna.

Chimene chimandisangalatsa pa matendawa n'chakuti gulu limene mwaikidwa lero si chidindo. Siteji imakhala yomweyo, koma mpata wobwerera timauwerenganso nthawi iliyonse mukabwera. Zida zake ndi ziwiri. China ndi sikani ya pakhosi, ija amapaka mafuta oterera n'kuyendetsa kachipangizo pakhungu, yomwe imachitika pakatha miyezi 6 mpaka 12 chichitikireni opaleshoni. China ndi kuyeza m'magazi chinthu chotchedwa thyroglobulin, chimene chimapangidwa ndi maselo a chithokomiro okha. Munthu amene alibe chithokomiro sayenera kukhala nacho chambiri. Chikatsika mpaka kusaoneka, sikani n'kukhala yoyera, munthu wa gulu lapakati amatsikira pa mpata wa pakati pa 1 ndi 4 mwa 100. Chikamakwera ulendo ndi ulendo, timadziwa kuti pali pena pamene pabisala kanthu, nthawi zambiri chisanayambe n'komwe kugwirika ndi dzanja. Ndipo ikabwerera, kawirikawiri imabwerera m'anabere a m'khosi momwemo, mmene dokotala wa opaleshoni angathe kufikamo.

Mapiritsi a levothyroxine amene anakupatsani ali ndi ntchito ziwiri. Akulowa m'malo mwa chithokomiro chimene chinachoka, choncho ndi a moyo wanu wonse. Komanso akutsitsa TSH, uthenga umene umachokera ku kachiwalo ka kunsi kwa ubongo kukalamula maselo a chithokomiro kuti akule, ndipo maselo a khansa nawonso amamvera lamulo limeneli. Kwa a gulu lapakati, poyamba timafuna TSH ikhale pakati pa 0.1 ndi 0.5, ndiye wina akaona zotsatira zanu n'kunena kuti yatsika kwambiri muchepetse mankhwala, muuzeni kuti munachitidwa opaleshoni ya khansa, ayambe walankhula ndi adokotala anu. Zinthu zikamayenda bwino mlingowo amaufewetsa, chifukwa TSH yotsika kwa zaka zambiri imafooketsa mafupa ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima, makamaka kwa amayi amene asiya kusamba.

Kamwedwe kake ndi pamene ambiri amaphonya. Imwani m'mawa kwambiri ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu, kenako dikirani mphindi 30 mpaka ola musanamwe tiyi wamkaka kapena phala. Phala la soya limachepetsa kalowedwe ka mankhwalawa m'thupi. Mapiritsi a calcium, amene mwina anakupatsani ngati munkamva dzanzi m'zala ndi m'milomo mutachitidwa opaleshoni, komanso mapiritsi owonjezera magazi, azisiyana ndi levothyroxine ndi maola 4. Ikani kabotolo pambali pa bedi ndi kapu ya madzi, kuti mukadzuka mumwe musanakoleze moto. Ndipo musadikire kuti atheretu, kakatengeni ena kudakali a masabata awiri.

Mwina m'banja mwayamba kale kukambidwa zoti ana anu aakazi ndi azichemwali anu onse akajambulitse khosi. Khansayi imagwiradi akazi kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa amuna, koma ya m'magazi mwa banja ndi yochepa, ndipo munthu mmodzi m'banja si chifukwa chojambulira onse. Ku South Korea anayesa kujambula anthu opanda vuto lililonse, ndipo pakati pa 1993 ndi 2011 chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinakwera ka 15, pamene cha omwalira nayo sichinasinthe. Anthu ambirimbiri anachotsedwa chithokomiro chifukwa cha totupa timene sitikanawavuta. Ku chipatala cha Kuma mumzinda wa Kobe ku Japan, kuyambira 1993 totupa tosapitirira sentimita imodzi tosaopsa amangotiyang'anira osachita opaleshoni, ndipo tambiri sitikula. Vuto lathu kuno ndi lina: timazolowera chotupa cha pakhosi n'kuchisunga zaka. Zotupa zambiri za chithokomiro si khansa, koma wachibale amene chake chikukula msanga, chalimba, chabwera ndi mawu osasa, kuvutika kumeza kapena mwanabere wosaphwa, ameneyo apite ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chimene ali nacho pafupi akapimidwe.

Pepala la zotsatiralo lijambulitseni makope awiri, lina limatidwe m'buku lanu la kuchipatala, lina likhale kunyumba, ndipo mwana wanu alijambulenso pa foni. Pemphani kuti m'bukumo alembemo zinthu zitatu pamalo amodzi: siteji, gulu la mpata wobwerera, ndi mlingo wa TSH umene akufuna. Pakatha zaka zisanu mwina mudzakumana ndi dokotala wina amene sakukudziwani, ndipo adzayambira pamenepo. Mukamakayezetsa thyroglobulin, kumbutsani kuti ayezenso ma antibody ake, asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi thyroglobulin, chifukwa pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi ali nawo ndipo amachititsa kuti nambala ioneke yotsika pamene si yotsika. Ngati n'kotheka muziyezetsa ku labotale imodzimodziyo nthawi zonse, popeza makina osiyana amapereka manambala osiyana pa magazi omwewo, ndipo chimene adokotala akufuna kuona ndi kumene nambalayo ikulowera chaka ndi chaka.